Mpata wa Pakati pa Njanji Ziŵiri

M'boma la Phalombe mulibe njanji. Ana ambiri a kumeneko amayamba kuona sitima ya pamtunda akapita ku Limbe kapena ku Blantyre. Njanji yoyandikira kwao ndi ija idadzera pa Luchenza, imene idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908.

Mnyamata wina wa ku Migowi anapita ku Limbe kukacheza kwa amalume ake, amene kale ankagwira ntchito yokonza njanji. Tsiku lina anatsagana nawo ku siteshoni. Kumeneko anaona njanji zingapo zitayalidwa moyandikana. Amalume ake anamuuza kuti m'madera ambiri a Malaŵi njanji ndi imodzi yokha, choncho pa siteshoni amaikapo zina za pambali kuti sitima zizipatsana njira.

"Amalume, tiyeni tikaime pakati pa njanji ziŵiri zija kuti sitima tikaione bwino. Malowo ngaakulu," anatero mnyamatayo.

"Iyayi mphwanga, maso akukunamiza. Takhala pansi ndikuonetse," anayankha amalumewo. Anatola kamtengo nayamba kulemba padothi.

Poyamba analemba mizere iŵiri. Imeneyo inali zitsulo za njanji imodzi. Kuno ku Malaŵi zitsulozo zimatalikirana mamilimita 1,067, ndiye kuti mita imodzi ndi pang'ono. Muyeso womwewu ndiwo uli pa njanji za ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Koma bogi la sitima sililingana ndi njanji yake. M'lifupi mwake limakwana pafupifupi mamita atatu, kotero kuti limapitirira chitsulo ndi pafupifupi mita imodzi mbali iyi, ndi inanso mbali inayo.

Kenaka analemba njanji yachiŵiri. Akatswiri poyala njanji ziŵiri amayeza kuchokera pakatikati pa ina kufika pakatikati pa inzake, ndipo kaŵirikaŵiri amasiya mamita anayi kapena kuyandikira pamenepo. Popanda sitima, munthu amaona malo a mamita atatu pakati pa njanjizo. Koma sitima ziŵiri zikafika nthaŵi imodzi, iliyonse imadya mita imodzi, ndipo mpata wotsala ndi wa mita imodzi yokha. Mpatawu sadausiyire anthu oonerera. Sitima poyenda imagwedezeka, nthaŵi zina chitseko chimatseguka, chingwe kapena lona womangira katundu amalendeŵera. Pamalo okhota napo, bogi lalitali silipindika monga ichitira njanji. Nsonga zake zimatulukira kunja, ndipo pamenepo akatswiri amawonjezera mpata.

Ali chilankhulire, kunamveka kulira kwa sitima. Inaloŵa pang'onopang'ono pambali pa mabogi ena amene anali chiimire. Malo aja mnyamatayo ankati ngaakulu anasanduka kampata kamdima. Iye anangogwira dzanja la amalume ake osanena kanthu.

Madzulo anabwereka tepi yoyezera nalemba miyeso yonse ija pabwalo, kuti akaŵaonetse anzake ku Migowi.

Mafunso

1. Kodi njanji idafika ku Blantyre m'chaka chiti?
2. Chifukwa chiyani pa siteshoni pamakhala njanji zingapo?
3. Fotokozani m'mene malo a mamita atatu amachepera kufika pa mita imodzi.
4. Yezani miyeso imeneyi pabwalo la sukulu, ndipo muilembe padothi.