Phunziro la Akakombo a pa Guwa

Ambiri amadandaula kuti duwa loyera lija Azungu amati kakombo wa Pasaka likana kuphuka pa Pasaka m'minda yathu ya ku Limbe, Soche ndi Chilomoni. Duwalo lilibe mlandu. Kwao kwenikweni ndi ku Taiwan ndi zisumbu za Ryukyu ku Japan, ndipo akatswiri amalitcha Lilium longiflorum. Ku Ulaya ndi ku Amereka amalifulumiza m'nyumba zagalasi kuti lifike pa Pasaka. Koma kuno kumwera nyengo n'zotembenuka, choncho limachita maluwa cha mu Novembala ndi Disembala. Motero tiliyembekezere pa chaka cha Khristu Mfumu, kapena pa 8 Disembala, tsiku la Maria Wosapatsira Tchimo.

Kabzalidwe. Tsinde lake lam'nthaka likunga anyezi. Mulibzale mvula itatha, mu Epulo kapena Meyi, pa dothi la manyowa owolerana bwino losasunga madzi, pakuti pa chinyontho chosatha anyeziyo amaola. Dzenje likhale lakuya katatu msinkhu wa anyeziyo, ngati masentimita 15. Muzithirira m'chilimwe monse.

Kadulidwe. Dulani m'mamawa, duwa loyamba lisanatseguke konse. Siyani theka la phesi ndi masamba ake, chifukwa masambawo ndiwo adyetsa anyezi wa chaka chamawa. Wodulira pansi adya mbewu yake. Thotholani timitu tachikasu tam'kati mwa duwa, popeza ufa wake uthimbiriritsa nsalu za pa guwa. Mukamasintha madzi mu mtsuko masiku awiri alionse, maluwawo adzatha sabata yathunthu.

Chenjezo. Nthawi ya dzinja kutchire kumaphuka duwa lofiira ngati malawi a moto, Gloriosa superba, lomwe lili duwa la dziko la Zimbabwe. N'lokongola ndithu, koma mizu yake ikunga timbatata, ndipo ili ndi poizoni wakupha munthu. Inu akatekisti, aphunzitseni ana asaikumbe kapena kuilawa. Kakombo woyerayonso amapha amphaka akamdya.

Potsiriza, kumbukirani lamulo la Mpingo: m'nyengo ya Lenti sitiika maluwa pa guwa, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a zaka zazikulu, mu Adventi tiike pang'ono chabe. Wosamala tchalitchi adziwe kalendala ziwiri, ya Mpingo ndi ya munda, ndipo abzale poyang'ana zonse.