Mpando wamagetsi ukakana kubwerera m'mbuyo

Ku Chiwamba galimoto yakale siipuma. Lero yanyamula matumba a mtedza, usiku yathamangitsa wodwala kuchipatala, mawa ili pa ulendo wa ku Lilongwe kukatenga feteleza. Zina mwa galimotozi, monga Mercedes-Benz W124 ya m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kapena Toyota Mark II ndi Crown zochokera ku Japan, zimakhala ndi mpando woyendera magetsi. Dalaivala wamtali akaona maondo akugunda chiwongolero, maganizo amathamangira kwa owotcherera kuti akasunthe zitsulo. Dikirani kaye. Kawirikawiri malo a miyendo amakhala alipo, kungoti fumbi ndi zinyalala zatseka njira.

Pansi pa mpando pali njanji ziwiri, ndipo kamota kodya moto wa batire kamazunguza magiya amene amakoka mpandowo. Kamotaka n'kochepa mphamvu. Kandalama ka K10, chotsekera botolo, njere ya chimanga kapena khoko la mtedza zikalowa m'njanji, mpando umaima msanga, mwini wake n'kumaganiza kuti ndi pomwe umathera. Fumbi la m'misewu yathu, makamaka la mu Seputembala ndi Okutobala, limasakanikirana ndi girisi wakale n'kuuma gwa.

Yambani ndi kusunthira mpando kutsogolo mpaka pomwe ungafike. Khalani kumbuyo ndi tochi, muchotse kapeti ngati yakwinyika, mutole chilichonse chili m'njanjimo. Kenaka tsukani ndi mswachi wakutha woviika m'parafini pang'ono, mupukute ndi nsanza mpaka chitsulo chiwale. Pano m'pofunika kudekha, chifukwa dothi lambiri limabisala kumapeto kwenikweni kwa njanji, malo amene mukuwafunawo. Mukatero pakani girisi woyera, wochepa chabe. Oyilo wakuda wochotsa mu injini musamuyandikize. Amaitana fumbi, ndipo pakangopita masabata ochepa vuto limabwereranso. Bwezani mpando kumbuyo, muyeretsenso kutsogolo.

Mukadina switchi koma osamva kulira kulikonse, yang'anani fyuzi, ndipo ngati yapsa ikani ina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya m'malo mwa fyuzi kwapsereza galimoto zambiri. Pa Benz switchi ili pachitseko, yooneka ngati kampando, ndipo imadetsedwa msanga. Amakaniko a zamagetsi amatha kuitsegula n'kuiyeretsa. Koma ngati mota ikulira pamene mpando ukuyenda mbali imodzi yokha n'kumapotoka, siyani kudina nthawi yomweyo. Chingwe chozunguza njanji inayo chaduka kapena chavuka, ndipo kukakamiza kumathyola magiya amene ndi ovuta kuwapeza. Mukaona pulagi yachikasu pansi pa mpando, imeneyo ndi ya airbag: musaizule batire lisanachotsedwe.

Chinthu china chimene ambiri sachigwiritsa ntchito ndi mabatani okweza ndi kutsitsa. Tsitsani kumbuyo kwa pokhalira, mukweze kutsogolo pang'ono kuti ntchafu zitsamire. Maondo akhoza kutsika kuchoka pachiwongolero ngakhale mpando usanasunthe. Ngati chiwongolero chanu chimakwezeka, chikwezeninso.

Za kuboola pansi pa galimoto kapena kuwotcherera zitsulo zowonjezera, ine ndikukana. Mabawuti a mpando amamangidwa pamalo olimbitsidwa mwapadera, ndipo m'galimoto zambiri chokolekera lamba chimagwira pa mpando womwewo. Pa ngozi, chitsulo chowotcherera pamsika chikhoza kuthyoka, mpando n'kuuluka pamodzi ndi munthu. Ngati njanji zapindika kapena zadyeka ndi dzimbiri, funani za galimoto ya mtundu womwewo kwa ogulitsa zipangizo zakale ku Lilongwe, ndipo mupite ndi zakalezo kuti mukafananize mabowo.

Mukamaliza, khalani bwino msana utatsamira, muponde kilatchi kapena buleki mpaka pansi. Bondo likhale lopindika pang'ono, lisawongoke lonse. Pakati pa chifuwa ndi chiwongolero pakhale masentimita osachepera 25, ndipo manja afike pamwamba pa chiwongolero popanda kuchotsa mapewa pampando. Yang'ananinso kumbuyo ngati mapazi a mwana kapena katundu sizipanikizika musanadine switchi.