Magemu Otsimphina

Mphwanga,

Ndawerenga zimene unalemba zokhudza Mad Max. Inali mizere itatu yokha, ndipo liwu limene linatsala m'mutu mwanga ndi limodzi: zinyalala. Sabata yathayi unalemba za gemu ina n'kunena kuti ndi moto. Ndiye kuti sikelo yako ili ndi miyala iwiri basi, moto ndi zinyalala, chonsecho magemu ambiri amene adzadutse m'manja mwako sadzakhala uku kapena uko. Ambiri ndi otsimphina. Amayenda ndithu, ena amakufikitsa kutali, koma mwendo umodzi ukuchita kukokedwa. Munthu wounika magemu ntchito yake ili pamenepo: kuloza mwendo wodwalawo, kunena chimene chinaupweteka, ndi kuuza mnzake ngati ulendowo ndi woyenera kuuyamba.

Ine zimenezi ndinaziphunzira mochedwa, ndipo inandiphunzitsa ndi Far Cry 2, imene Ubisoft ya ku Montreal inatulutsa mu 2008. Nkhani yake imachitikira m'dziko lina la mu Africa losatchulidwa dzina, mmene magulu awiri, UFLL ndi APR, akumenyana, ndipo iwe watumidwa kukapha wogulitsa zida wotchedwa Jackal. Usanawombe n'komwe chipolopolo choyamba, malungo akugwira kale. Ndinaisewera madzulo awiri pa laputopu yobwereka. Tsiku lachiwirilo ndinabisala mu udzu wouma pafupi ndi rodibuloko, m'manja muli mfuti ya dzimbiri imene ndinatola kwa mdani. Nditawomba kawiri, mfuti inakana. Ndili mkati molimbana nayo, galimoto ya adani inatulukira kumbuyo. Ndinaponya botolo la petulo, udzu n'kuyaka, mphepo n'kutembenuzira motowo kwa ine ndemwe. Ndikuthawa, sikirini inachita chikasu, zonse zayamba kuoneka mwachimbuuzi, malungo aja abwera, munthu wanga akutsegula kabotolo ka mapiritsi zipolopolo zikumugwera ngati matalala. Ndinatseka laputopu. Kwa zaka zingapo ndinkauza aliyense kuti gemuyo anaipanga mosasamala, ndipo alipo anzanga amene sanaikhudze chifukwa cha mawu anga.

Nditadzaibwerera mtima uli m'malo, ndinaona kuti ndinathira zinthu zosiyana m'dengu limodzi. Mfuti ija sinakane mwangozi. Mu gemuyi mfuti zotola kwa adani n'zakutha, pamene zogula ndi dayamondi kwa wogulitsa zida zimabwera zatsopano, ndipo ukagula kamodzi umatha kukatenga ina yatsopano mosungira zida popanda kulipiranso. Ulesi wanga wosapita kumeneko ndi umene unandipha. Moto wotsata mphepo, mapu a pepala amene umagwira m'manja uku ukuyendetsa galimoto, kuzula chipolopolo m'thupi ndi pulayala: zonsezi opanga gemuyi, Clint Hocking ndi anzake, anaziika mwadala, kuti zimene wakonza zisokonekere, uyambe kuganiza uli pakati pa mavuto. Ndinkafuna nkhondo yooneka ngati yeniyeni, ndiye walira mvula walira matope.

Koma rodibuloko ija ndi nkhani ina. Ukapha alonda onse n'kupita patsogolo pang'ono, pobwerera upeza ena adzazamo kale, ngati sipanachitike kanthu. Pafupifupi galimoto iliyonse imene wakumana nayo pamsewu imakuthamangitsa, ndipo asilikali a gulu limene lakulemba ntchito amakuwombera chimodzimodzi ndi adani. Apa palibe chimene ukuphunzira. Ulendo wa mphindi zisanu umasanduka wa mphindi makumi awiri, ndewu yake yomweyomweyo. Uku ndiye kutsimphina kwenikweni. Choncho chinthu chikakuvuta mu gemu, usanalembe dzifunse: kodi chikundikakamiza kusewera mwanzeru zina, kapena chikungondidyera nthawi? Choyambacho ukhoza kudana nacho, koma uvomereze kuti ndi mmene mwini wake anafunira. Chachiwiricho uchitchule kuti ndi cholakwika, osanyengerera.

Palinso china mu gemu imeneyi chimene chimandiwawa mpaka lero. Panja m'dziko lonselo anthu wamba suwaona. Misika yopanda amayi ogulitsa, midzi yopanda ana, aliyense woyenda panja ali ndi mfuti. Anthu wamba ochepa amene umawaona ndi obisala m'nyumba, amene umawapititsira mapepala a ulendo kuti akupatse mapiritsi a malungo. Ndipo iwe ndi ine tinagonapo ndi malungo, tikudziwa kuti si chizungulire cha kamphindi chimene chimatha ukameza piritsi limodzi. Zotere uzilemba. Maso amene unabadwa nawo kuno ndi chuma chako pa ntchitoyi, usawasiye pakhomo n'kumabwereza zimene wamva kwa anthu a pa YouTube.

Cholakwika china chimapweteka kwambiri chifukwa chimaphwanya lonjezo la gemu yomweyo. Deus Ex: Human Revolution ya mu 2011 imakuuza kuyambira pachiyambi kuti Adam Jensen ukhoza kumuumba mmene ukufunira. Ukafuna, akhale wozemba, wodutsa m'mapaipi a mpweya, wothyola makompyuta, wosapha munthu. Ndiye watha maola ukumuumba choncho, mwadzidzidzi akutsekera m'chipinda ndi chimphona chotchedwa Barrett, mfuti yake ili kudzanja, kompyuta yoti uthyole palibe. Luso lonse limene unasonkhanitsa lasanduka lopanda ntchito. Zinadzadziwika kuti ndewu za mabosi amenewa sanazipange ndi a Eidos Montréal eni ake, anazipereka ku kampani ina, ndipo mu 2013 anatulutsa Director's Cut imene inakonzanso zipindazo kuti wozemba naye akhale ndi njira. Ukadziwa chiyambi cha chilema chotere, ndemanga yako imasintha. Sunenanso kuti gemuyi ndi yovuta. Umanena kuti pali malo ochepa pamene imaiwala chimene ili, ndipo umachenjeza wowerenga kuti asunge mabomba angapo m'thumba.

Mirror's Edge ya mu 2008 vuto lake ndi la mapanga awiri. Faith, munthu wako mu gemuyi, akamathamanga pamadenga a mzinda woyera mbee, mapaipi ndi zitseko zofiira zikukulozera njira, mpweya wake ukumveka m'makutu, palibe gemu ina ya nthawi imeneyo yofanana nayo. Akangokuika m'chipinda chodzaza apolisi kuti umenyane, liwiro lonse limafa. Assassin's Creed yoyamba, ya mu 2007, vuto lake silioneka tsiku loyamba. Kukwera nsanja za ku Damascus, Acre ndi Jerusalem kumakoma zedi, koma anthu asanu ndi anayi amene Altaïr ayenera kupha, aliyense umamufikira podutsa ntchito zomwezomwezo: khala pabenchi umvetsere, pisa m'thumba mwa uyu, menya uyo aulule. Wolemba atasewera maola awiri adzati moto. Wolemba atafika pa munthu wachisanu ndi chimodzi adzanena zoona. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ngati sunaimalize gemu, nena poyera pamene unalekezera. Palibe manyazi pamenepo. Manyazi ali poweruza mathero amene sunawaone.

Uzilembanso tsiku limene unasewera ndi makina amene unasewerapo, chifukwa masiku ano gemu siikhala mmene inabadwira. No Man's Sky inatuluka mu 2016 ilibe zambiri zimene anthu ankayembekezera, kuphatikizapo kusewera pamodzi ndi anzako, ndipo opanga ake, a Hello Games, anadzawonjezera zimenezi mu 2018 kwaulere. Cyberpunk 2077 inatuluka mu Disembala 2020 ikuvuta kwambiri pa PlayStation 4, mpaka Sony inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti, n'kudzaibwezeretsa mu Juni 2021. Anthu ambiri tsopano amakamba nkhani zimenezi ngati za mwana wolowerera amene anabwerera kwawo. Ine sindifulumira kuombera m'manja. Amene analipira ndalama zonse tsiku loyamba anagulitsidwa nyumba yopanda denga, ndipo kufolera pambuyo pake sikufafaniza mvula imene inawanyowetsa. Komanso taganizira amene akukuwerenga. Wagula disiki yakale pamsika, kunyumba kulibe intaneti yokhazikika, ndipo zokonza zonsezo ndi magigabaiti ochuluka amene bandulo yake singakwanitse. Kwa iyeyo gemu ili mmene inalili pa disikipo. Ukamuuza kuti anaikonza, osamuuza kuti kukonzako kuli pa intaneti, wamunamiza ngakhale kuti mawu ako ndi oona. Chimodzimodzinso nkhani ya kuseva. Far Cry 2 yomwe ija pa kompyuta umaseva paliponse, koma pa PlayStation 3 umadalira malo oikika, monga tinyumba tobisalamo. Kumene magetsi sazima imeneyi ndi nkhani yaing'ono. Kwa ife ikhoza kukhala chiganizo chofunika kwambiri mu ndemanga yonse.

Za malikisi ndikuchenjeze mwapadera. Fallout: New Vegas ya mu 2010 inatuluka ili ndi zophonya zambiri, kuima pakati pa masewera, anthu kumira m'nthaka, koma nkhani yake ndi ufulu umene imakupatsa posankha mbali n'zimene anthu akuzikambabe mpaka pano. Pa Metacritic, pamene amaphatikiza malikisi a ounika ambiri, inapeza 84. Chris Avellone, mmodzi wa akuluakulu pa nthawiyo a Obsidian, kampani imene inapanga gemuyi, anadzaulula kuti bonasi yawo inkadalira kufika pa 85. Likisi limodzi. Sindikunena kuti uziwonjezera malikisi pomvera chisoni opanga, ayi, wowerenga wako ndiye woyamba. Ndikunena kuti nambala imene umaponya mosaganiza imakagwera anthu, ndiponso kuti 84 sakuuza chilichonse za chimene chili chokoma kapena chowola mu New Vegas. Ngati ungathe, nambala uzisiye. Ngati akukakamiza, uiike kumapeto, mawu atagwira kale ntchito.

Luso limeneli si lachilendo kwa ife. Ukukumbuka kanyumba ka magemu kaja, TV imodzi, mapadi awiri, anyamata khumi akudikira kuti wogonja adzuke pabenchi? Tinkasewera Pro Evolution Soccer 6 ya Konami, ya mu 2006, mmene Liverpool inkatchedwa Merseyside Red chifukwa analibe chilolezo cha dzina lenileni. Gemu ya FIFA inali ndi mayina, mayunifomu ndi zizindikiro zenizeni. Komabe ambiri tinkasankha PES, ndipo ukanafunsa mnyamata aliyense pabenchipo akanakuuza chifukwa chake bwinobwino: mpira umalemera, pasi imapita kumene waituma, chigoli umachita kuchikhetsera thukuta. Tinkadziwa kusiyanitsa chilema cha pa malaya ndi chilema cha m'mafupa. Ndipo Konami yomweyo itatulutsa eFootball 2022 mu 2021, yaulere koma yosokonekera pabwalo penipeni mpaka kampaniyo inapepesa, palibe amene anati tiikhululukire poti sitinalipire.

Tsono bwerera ku Mad Max. Inatuluka pa 1 Seputembala 2015, tsiku limodzi ndi Metal Gear Solid V, ndipo ambiri anaidutsa osaiyang'ana. Zina mwa zimene zinakukwiyitsa ndikugwirizana nazo. Kutolera zitsulo kumatopetsa, misasa ya adani imafanana, akuluakulu a misasayo amamenya mofanana ngati ana a mayi mmodzi, ndipo kusaka mabomba okwiriridwa ndi galu uja kumachedwetsa popanda phindu. Koma m'mizere yako itatu ija sunatchule galimoto, pamene a Avalanche Studios mtima wawo wonse anauika mu galimoto yakoyo, Magnum Opus. Ndikufuna ukathamangitse mdipiti wa magalimoto a adani m'chipululu, fumbi lawo likuoneka patali, mnzako Chumbucket ali kumbuyo akukuwa. Ukole chitseko cha galimoto ya mdani ndi chingwe cha ngowe chija, uchizule, kenako ukole dalaivala. Udikire namondwe wa mchenga akupeze uli kutali ndi pobisala, mphezi zikugwa uku ndi uku, zitsulo zikuuluka. Ukatero utenge pepala, ulembe mmene unkamvera uli pa chiwongolero ndi mmene unkamvera uli wapansi, ndiponso ola limene unayamba kutopa. Ukaonabe kuti siyoyenera ndalama za munthu, lemba choncho, ndidzawerenga mpaka kumapeto.

Loweruka magetsi akakhalapo ubwere nayo disikiyo kunyumba, tidzalandizane padi. Mdipiti woyamba ndi wako.