Loko Wolanga Wogula: Njira Zoletsa Kuba Magemu ndi Wosewera wa ku Rumphi

Mawu Oyamba

Munthu akagula njinga pa Rumphi boma amaikwera mpaka ku Bolero osapempha chilolezo kwa amene anaipanga. Akafuna amabwereka mnzake ndipo ikamutopetsa amaigulitsa. Wogula masewera a pakompyuta, amene achinyamata amangoti magemu, zake sizili choncho. Magemu ambiri amakana kutseguka mpaka kompyuta italumikizana ndi kampani yowapanga kudzera pa intaneti, kuti kampaniyo itsimikize kuti sanabedwe. Chimangirizo ichi chifotokoza mmene njira zimenezi zimagwirira ntchito, madandaulo a osewera, ndiponso mmene zimakhudzira wachinyamata wa m'boma la Rumphi. Mfundo yaikulu ndi yakuti loko amene makampani amaika pofuna kutchinga wakuba kawirikawiri amalanga munthu amene wagula mwachilungamo.

Chifukwa Choikira Loko

Kupanga gemu yaikulu kumatenga zaka ndipo kumafuna anthu ambiri: ojambula zithunzi, olemba mapulogalamu, opeka nyimbo ndi ena. Koma kukopera gemuyo pafulashi kumatenga mphindi zowerengeka. Choncho makampani anayamba kuika njira zotetezera malonda awo, zomwe pa Chingerezi amazitchula mwachidule kuti DRM. Poyamba wosewera ankangolemba nambala yachinsinsi yopezeka pachikuto, kapena ankasiya chimbale m'kompyuta nthawi yonse yosewera. Zinthu zinasintha kwambiri mu 2004 pamene kampani ya Valve inatulutsa Half-Life 2. Ngakhale wogula chimbale m'sitolo ankayenera kulembetsa gemuyo pa intaneti kudzera pa Steam asanayambe kusewera. Kuchokera apo makampani ambiri anatsata njira yomweyo.

Madandaulo a Osewera

Dandaulo loyamba ndi la malire. Mu 2008 kampani ya Electronic Arts inatulutsa Spore, gemu yokhala ndi loko wotchedwa SecuROM, amene ankalola wogula kuitsekula pamakompyuta atatu okha. Amene wasintha kompyuta kangapo ankayenera kupempha chilolezo china kukampaniko. Anthu atakwiya, malirewo anawakweza kufika pa asanu. Chodabwitsa n'chakuti lokoyo sanaletse kuba. Malinga ndi kuwerengera kwa TorrentFreak, Spore ndiyo gemu imene inakoperedwa mwakuba kuposa ina iliyonse chaka chimenecho, pafupifupi maulendo 1.7 miliyoni.

Dandaulo lachiwiri ndi lofuna intaneti nthawi zonse. Mu 2010 kampani ya Ubisoft inakonza zoti wosewera Assassin's Creed II pakompyuta akhale pa intaneti kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale gemuyo munthu amasewera yekha. Netiweki ikaduka, gemu inkaima. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho maseva a kampaniyo atasokonezedwa, ena mwa ogula analephera kusewera. Zofanana ndi izi zinachitikanso ndi Diablo III mu 2012 komanso SimCity mu 2013, pamene maseva analemedwa ndi kuchuluka kwa anthu. Ubisoft inalengeza mu 2012 kuti yasiya lamulo lija, ndipo SimCity inapatsidwa njira yosewerera popanda intaneti mu 2014.

Dandaulo lachitatu ndi la umwini. Gemu ya mpikisano wa magalimoto ya The Crew inatuluka mu 2014. Kumapeto kwa Malichi 2024 eni ake anatseka maseva, ndipo gemuyo inaleka kugwira ntchito ngakhale kwa amene anali ndi chimbale m'manja. Izi zinachititsa Ross Scott kuyambitsa gulu la Stop Killing Games, ndipo pempho lopita ku European Union pankhaniyi linaposa masiginecha 1 miliyoni mu 2025. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Gemu yodalira seva ya mwini ndi fodya wapachala.

Mmene Zimakhudzira Wosewera wa ku Rumphi

Madandaulo ali pamwambawa anachokera kwa anthu a ku Ulaya ndi ku America amene intaneti ili m'nyumba zawo usana ndi usiku. Nanga kuli bwanji kwathu kuno? Tiyerekeze wophunzira wa ku Livingstonia, kapena mnyamata wa ku Hewe amene mbale wake wa ku Joni wamutumizira laputopu ndi gemu yogula m'sitolo. Mavuto amene angakumane nawo alipo anayi.

Choyamba ndi netiweki. Boma la Rumphi ndi la mapiri ndi zigwa, kuyambira ku Nyika mpaka kutsikira kunyanja ku Chiweta, ndipo m'midzi ina munthu amachita kufunafuna pamalo pogwira netiweki. Foni ungakwere nayo pachulu, koma sungasewerere gemu pachulu tsiku lonse.

Chachiwiri ndi mtengo wa intaneti. Magemu ambiri akatsekulidwa amafuna kuti utsitse zowonjezera zikuluzikulu usanasewere. Mwachitsanzo, Red Dead Redemption 2 imafuna malo okwana magigabaiti 150 pakompyuta. Dziko lino anthu anadandaula poyera za kukwera mtengo kwa intaneti mu 2020 pansi pa mfuu yakuti Data Must Fall, ndipo ambiri amagula mabandulo ang'onoang'ono okwanira WhatsApp basi.

Chachitatu ndi magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 ndipo magetsi ankazima kwa maola ambiri mpaka mu 2023. Laputopu ikhoza kuyenda ndi batire kapena sola, koma magetsi akazima nthawi yaitali netiweki nayo imatha kufooka, ndiye gemu yofuna intaneti imakhala yafa.

Chachinayi ndi kalipiridwe. Kugula gemu pa intaneti kumafuna khadi la kubanki lolipirira ndalama zakunja, zomwe zakhala zikusowa m'dziko muno. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kotero mtengo wa chilichonse chogula m'madola unakwera tsiku limodzi.

Tsono taonani zotsatira zake. Gemu yobedwa, imene akatswiri a chinyengo anaichotsa loko, imayenda pafulashi kuchoka ku Mzuzu kufika ku Mhuju ndipo imatseguka popanda intaneti. Gemu yogula ndiyo imavuta. Wachilungamo akuvutika chifukwa cha mlandu wa wina, monga mwambi uja wakuti nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Choipa kwambiri n'chakuti wachinyamata amaphunzirapo kuti chakuba ndicho chimagwira bwino ntchito.

Kodi Kuba Ndiye Yankho?

Yankho ndi lakuti ayi. Lamulo la Malawi loteteza umwini wa luso la 2016 limaletsa kukopera ntchito ya wina popanda chilolezo. Oimba athu akudziwa ululu wake, poti nyimbo zawo zimabenedwa m'misika iwo osapezapo kanthu. Komanso magemu obedwa nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi amene angaononge zolemba za sukulu kapena kuba manambala achinsinsi. Wopanga gemu ayenera kudya thukuta lake monga mmene mlimi wa fodya wa ku Bolero kapena wa khofi wa ku Phoka ayenera kudyera lake.

Funso lenileni ndi la njira yotetezera. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, linkagwiritsa ntchito kachizindikiro komata pamakaseti ndi pazimbale posiyanitsa zenizeni ndi zobedwa. Njirayi sinathetse kuba, komabe inali ndi ubwino umodzi: wogula kaseti ankakaimvera kwawo popanda kupemphanso chilolezo. Chitsanzo china ndi cha kampani ya ku Poland ya CD Projekt, imene mu 2008 inatsegula sitolo ya pa intaneti ya GOG yogulitsa magemu opanda loko. Gemu yake ya The Witcher 3 ya mu 2015 inkapezeka pakompyuta yopanda loko, koma pofika 2023 inali itagulidwa maulendo oposa 50 miliyoni pamakina a mitundu yonse. Izi zikusonyeza kuti anthu amagula ngati malonda ndi abwino ndiponso osavuta kugwiritsa ntchito.

Mawu Omaliza

Chimangirizochi chaonetsa kuti njira zotsekulira magemu pa intaneti zimapangidwa poganizira munthu amene ali ndi netiweki yodalirika, magetsi osazimazima ndi khadi la ndalama zakunja. Wosewera wa ku Rumphi sali m'gulu limenelo. Makampani ayenera kulola kuti gemu yosewera munthu mmodzi iziyenda popanda intaneti, azichotsa loko gemu ikakalamba, ndiponso aziika mitengo yolingana ndi mapezedwe a mayiko osauka. Nawo ogula azifufuza ngati gemu ikufuna intaneti asanatulutse ndalama. Ophunzira athu amene akuyamba kulemba mapulogalamu atengepo phunziro: potchinga wakuba, asatsekere kunja munthu amene wabwera ndi ndalama m'manja.