MZIMU WOYERA SI MPHAMVU YA M'KANEMA

Inu akatekisiti amene mukukonzekeretsa ana kuti alandire Sakramenti la Ulimbitso, dziwani kuti ana athu a ku Mua, a ku Golomoti ndi a ku Mtakataka saphunzira za Mulungu kwa inu nokha. Ali ndi mphunzitsi wina wosatopa, ndiye kanema, amene amamuonera m'tinyumba ta vidiyo pamsika ndi pa foni madzulo. Ena mwa makanemawo amasimba nthano za zombo zouluka pakati pa nyenyezi, za makina oganiza ngati anthu, ndi za nkhondo za kuthambo. Eklezia sadana nazo nthano zotere. Papa Pius XII, m'kalata yake ya Miranda Prorsus ya 1957, anawerengera kanema pakati pa mphatso za Mulungu, koma anafuna kuti Akhristu aphunzire kuweruza zimene akuona. Tiyeni tiweruze imodzi.

Nthano yotchuka koposa mwa zonsezi ndi Star Wars, imene George Lucas anayamba kutulutsa ku America mu 1977. M'nthanoyi muli mphamvu yosaoneka yotchedwa Force, yopezeka ponseponse ndi yomanga zamoyo zonse pamodzi. Asilikali otchedwa Jedi amaphunzira kuigwiritsa ntchito: amanyamula miyala osaikhudza, amapotoza maganizo a anthu ofooka, amaona zakutali. Lucas mwini wake ananena kuti anaikamo mphamvuyi kuti achinyamata ayambe kudzifunsa za Mulungu. Cholingacho nchabwino, ndipo sichinapite pachabe: pa kalembera wa 2001 ku England ndi Wales, anthu oposa 390,000 analemba kuti chipembedzo chawo ndi Jedi. Ambiri ankangoseka, komabe nthabwala imaulula chimene chalowa m'mitu ya anthu.

Tsono mwana akamva kwa inu kuti Mzimu Woyera saoneka, ali ponseponse, ndipo amapatsa mphamvu, msanga anena mumtima kuti: "Ndadziwa, ndi Force ija." Apa mpamene pagona ngozi.

Force si munthu. Siikonda, siimva pemphero, siikhululukira. Wodziwa njira zake amailamula monga mmisiri alamula magetsi. Chinthu chotere sichachilendo kwa ife. Makolo athu ankasiyanitsa bwino zinthu ziwiri. Mvula ikakana, ankapita ku kachisi ndi nsembe, nawomba m'manja, napempha Chauta modzichepetsa, podziwa kuti Iye ndiye mwini kupatsa ndi kumana. Koma wofuna kukhwima ankapita kwa mwini zitsamba, nalipira, natemera mphini, nasunga zizimba, kuti mphamvuyo imumvere iye. Amene anaonapo nyumba ya Chamare ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua mu 1976, akudziwa kuti chipembedzo cha makolo chinali chozama. Kunena mosabisa, Force ya m'kanema ili pafupi ndi chithumwa koposa ndi kachisi.

Werengani ndi ana mutu 8 wa Ntchito za Atumwi. Ku Samariya kunali Simoni, munthu wamatsenga, amene anakhulupirira nabatizidwa. Ataona kuti anthu akulandira Mzimu Woyera pamene Petulo ndi Yohane akuwasanjika manja, anatulutsa ndalama kuti agule mphamvuyo. Petulo anamudzudzula koopsa namuuza kuti alape. Simoni sanakane Mzimu Woyera ai, anamuyesa katundu. Eklezia anafotokoza momveka pa Msonkhano wa ku Constantinople mu 381 kuti Mzimu Woyera ndi Ambuye, wopatsa moyo, wopembedzedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana. Iye ndi mmodzi wa Atatu a mu Utatu Woyera: amalankhula, amaphunzitsa, ndipo tingathe kumumvetsa chisoni ndi machimo athu. Pa Ulimbitso mwana salandira chida choti agwire m'manja. Mwini wake ndiye amadza kudzakhala mwa iye.

Palinso china. Force ili ndi mbali ziwiri, ya kuwala ndi ya mdima, ndipo woipa ndi wabwino amatunga pa chitsime chimodzi. Augustino Woyera anataya zaka ngati zisanu ndi zinayi m'gulu la Amanikeyo, amene ankaphunzitsa kuti kuwala ndi mdima ndi mafumu awiri olimbana chiyambire. Pambuyo pake anazindikira kuti Mulungu ndi wabwino kotheratu, ndipo choipa ndi kusowa kwa ubwino, monga dzimbiri pa khasu. Satana ndi cholengedwa chogwa, si mnzake wa Mulungu. Mkhristu woiwala ichi ndiye amagona ndi korona kudzanja lina, chithumwa kudzanja lina.

Koma tisataye nkhwani chifukwa cha mchenga. M'gawo la 1983, lotchedwa Return of the Jedi, mnyamata Luke akugonjetsa atate ake, Darth Vader, amene anapha anthu osawerengeka. Mfumu yoipa ikumuuza kuti awatsirize. Luke akutaya lupanga lake, nalola kuzunzidwa. Ndipo atate aja, poona mwana wawo akuvutika, akutembenuka mtima, namupulumutsa, nafa. Taonani: chimene chinabweza munthu uja si kunyamula miyala, koma chikondi cha mwana wokana kubwezera. Wolemba nthano pano anapitirira chiphunzitso chake chomwe.

Pamenepo mpoyambira pabwino, inu akatekisiti. Musanatsegule katekisimu, alekeni ana akusimbireni okha nthanoyo, pakuti amene anaionera amaidziwa kuposa inu. Akafika pa imfa ya Vader, afunseni kuti ndani wina anatembenuka mtima pa ola lake lomaliza, ali pambali pa wosalakwa wozunzidwa. Ndipo mutsegule Luka, mutu 23.