Zombo za Matanga Zimene Zinamira M'nyanja Zikuluzikulu za ku America: Mafunso ndi Mayankho

Kodi nyanja zake ndi ziti?

Ndi Superior, Michigan, Huron, Erie ndi Ontario, nyanja zisanu za madzi opanda mchere za ku United States ndi Canada. M'zaka za m'ma 1800, zombo zoyendera matanga zinkadzaza m'menemo zitasenza matabwa, tirigu ndi malasha. Zambiri zinathera pansi, makamaka ndi anamondwe a mwezi wa Novembala.

Zodziwika kwambiri ndi ziti?

Pa 8 Ogasiti 1813, chimphepo chadzidzidzi chinagubuduza zombo ziwiri zankhondo za America, Hamilton ndi Scourge, pa nyanja ya Ontario, ndipo anthu oposa 50 anafa usiku umodzi. Zitapezeka m'ma 1970, pa kuya kwa mamita pafupifupi 90, zinali zili chilili, milongoti ili njo, mizinga ili m'malo mwake.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi Rouse Simmons. Chinamira pa nyanja ya Michigan mu Novembala 1912 chikupita ku Chicago ndi mitengo ya Khirisimasi, ndipo sipanapulumuke munthu. Pamene ankachipeza mu 1971, mitengo ija inali ikadali m'kati. Koma Le Griffon, chombo cha wofufuza malo wa ku France dzina lake La Salle, chimene chinasowa mu 1679, mpaka lero sichinaoneke.

Nanga bwanji matabwa ake sanawole?

Pansi pa nyanjazi m'pozizira kwambiri ndiponso pamdima, choncho thabwa limawola pang'onopang'ono. Komanso tizilombo ta m'nyanja zamchere, timene timafumbula matabwa ngati chiswe, sitikhala m'madzi opanda mchere.

Ndiye kuti zidzakhalapo mpaka kalekale?

Ayi, ndipo apa m'podetsa nkhawa. M'ma 1980, sitima zochokera ku Ulaya zinabweretsa tinkhono totchedwa zebra mussel ndi quagga mussel m'madzi amene sitima imatunga kuti isapendekeke. Tinkhonoti taswana koopsa. Timamatirira pa matabwa mothinana mpaka kuphimba zosema ndi zolemba zonse, ndipo kulemera kwake kumathyola matabwa ofooka. N'chifukwa chake akatswiri akufulumira kujambula zombozi zisanabisike.

Kodi wosambira angatengeko kanthu?

Malamulo a mayiko onse awiri, United States ndi Canada, amaletsa. Kuti munthu afike pa Hamilton ndi Scourge amafunika chilolezo, pakuti mafupa a amalinyero akadali pomwepo. Amenewa ndi manda, ndipo ayenera kulemekezedwa.